Wotsiriza sukulu alembe chiyani pa pepala lofunsira ntchito?

NTENGO-WAMBALAME, Tsangano — Mayeso a kalasi 12 akatha, zotsatira n'kupachikidwa pa khoma la sukulu, anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'malire amakumana ndi mayeso ena amene sakhala pa pauta ya mphunzitsi. Zidziwitso za ntchito zimene zimamatidwa pa maofesi a boma, ngakhalenso zimene zimaulutsidwa pa wailesi, zimanena chinthu chimodzi: wofuna ntchito abwere ndi curriculum vitae, imene ambiri amangoti CV. Pakati pa pepala limeneli pali mzere umene umabweza anthu asanafike n'komwe pa khomo la ofesi, mzere wa experiência profissional, kutanthauza ntchito zimene munthu anagwirapo kale.

Wotsiriza sukulu akafika pa mzerewu amaona ngati alibe cholembapo. Ena amausiya wopanda kanthu. Ena amapita kwa wolemba pa kompyuta ku Ulónguè kapena ku Furancungo, amene amasunga CV imodzi m'makina mwake n'kumangosintha dzina ndi tsiku lobadwa, kotero kuti anthu khumi a mudzi umodzi amakapereka mapepala ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, aliyense "dinâmico", aliyense wokonda "trabalhar em equipa". Enanso amapeka zoti anagulitsapo m'sitolo ina ya mu mzinda wa Tete. Wolandira mapepala anaziona kale zonsezi, ndipo sizimudabwitsa.

Chikhalirecho, mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga amene wakwanitsa zaka 18 amakhala atagwira kale ntchito zambiri kuposa mnzake wa mu mzinda. Wapima mbatata ya kachewere pa sikelo, wakambirana mtengo ndi ogula obwera ndi malole, wawerengera ndalama za mitundu iwiri pa msika wa m'malire. Chimene chikusowa n'chakuti palibe anamuuza kuti zimenezi ndi ntchito, ndipo kuti zimalembeka.

Makolo sangamuuze, chifukwa iwo pepala lotere sanalilembepo. Agogo a ana a lero ankapita ku mapulazi a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, kumene wolemba ntchito ankayang'ana mphamvu za thupi. Makolo awo anakulira ku Ntcheu ndi ku Dedza pothawa nkhondo, nabwerera kumudzi mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri n'kuyambiranso ndi khasu pa minda yomera tchire. M'nyumba zambiri, mwana amene akulemba CV lero ndiye woyamba kuchita zimenezi m'banja lonse, ndipo pa maphunziro ake panapita matumba a mbatata, mabelo a fodya, mwinanso ng'ombe.

Dzina likhale limodzi pa mapepala onse

CV ya wotsiriza sukulu imakwana tsamba limodzi. Imalembedwa m'Chipwitikizi, pa kompyuta, ndipo pamwamba pake pamakhala dados pessoais: dzina lonse, tsiku lobadwa, kumene munthu anabadwira, mtundu wa nzika, kumene akukhala ndi nambala ya foni. Gawo limeneli limaoneka lophweka, koma kuno kumalire ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Nkhani yake ndi kalembedwe ka maina. Aliyense akudziwa kuti Ulongwe pa mapepala a boma ndi Ulónguè, Kalomwe ndi Calómuè, Makanga ndi Macanga. Zimene zinachitikira maina a malo zimachitikiranso maina a anthu. Wolemba ku Registo Civil amalemba dzina monga khutu lake la Chipwitikizi lamvera, mphunzitsi wa kalasi 1 amalemba monga makolo atchulira, ndipo wa ku tchalitchi amalemba monga amalembera ku Malawi. Mwana amakula ndi maina atatu osadziwa. Chimodzimodzi tsiku lobadwa: kumene mwana analembetsedwa mochedwa, chaka chimene chili pa cédula nthawi zina sichigwirizana ndi chimene sukulu inalemba.

Pa CV pamalembedwa dzina monga lilili pa Bilhete de Identidade, chilembo ndi chilembo, ngakhale litakhala kuti kumudzi salitchula choncho. Ngati dzina la pa certificado de habilitações likusiyana ndi la pa BI, nkhaniyo iyenera kukonzedwa ku secretaria ya sukulu mpikisano wa ntchito usanalengezedwe, chifukwa wofufuza mapepala akaona kusiyanako samafunsa chifukwa chake, amangoika pambali. Kukonza kumatenga masabata, pamene chidziwitso cha ntchito chimapereka masiku owerengeka.

CV siyenda yokha. Kawirikawiri pamafunika kope la BI, kope la certificado, ndi NUIT, nambala ya msonkho imene imaperekedwa ndi Autoridade Tributária. Pa ntchito za Boma, zimene zimalowedwa kudzera pa concurso público, amafunanso requerimento, kalata yopempha imene imathera ndi mawu akuti "Pede deferimento", pamodzi ndi registo criminal, atestado médico, ndi umboni woti munthu analembetsa ku kalembera wa usilikali. Kalembera ameneyu amachitika mu Januwale ndi Febuluwale chaka chilichonse kwa anyamata ndi atsikana omwe akukwanitsa zaka 18, ndipo nthawiyo ndi ya kupalira ndi kuthira feteleza, choncho ambiri amaiwala n'kudzakumbukira tsiku limene pepalalo lafunidwa. Makope amafunika kudindidwa kwa notário pamene chidziwitso chanena kuti akhale autenticados. Mapepala enieniwo amatsala kunyumba m'chikwama cha pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Amangotengedwa pokaonetsa, osati kukasiya.

Pansi pa dados pessoais pamabwera habilitações literárias. Amayamba ndi kalasi yomaliza, dzina la sukulu ndi chaka. Amene anakhoza bwino, monga média ya 14 kapena kuposa pa 20, ayilembe, poti kwa munthu wosagwirapo ntchito imeneyo ndi mboni. Wa média ya 10 angolemba kuti anamaliza, palibe chomukakamiza kuulula zambiri. Chaka n'chofunika chifukwa dongosolo la maphunziro linasintha: lamulo la 2018 linaika maphunziro okakamiza kufika kalasi 9, pamene akuluakulu awo gawo loyamba la sekondale ankalimaliza pa kalasi 10.

Pali ana ambiri a m'midzi ya m'mphepete amene anaphunzira tsidya lina, chifukwa sukulu ya ku Malawi ndiyo inali pafupi. Setifiketi ya JCE kapena MSCE ndi yeniyeni, koma pa mpikisano wa Boma la Moçambique imafunika equivalência, chikalata chonena kuti maphunzirowo akufanana ndi kalasi yakuti ya kuno. Poyambira kufunsa ndi ku Serviço Distrital de Educação, Juventude e Tecnologia. Kulemba "12ª classe" munthu ali ndi MSCE yopanda equivalência n'kudzitchera msampha. Alembe dzina lenileni la setifiketiyo, ndipo ngati anayamba kale kupempha equivalência anene choncho.

Munda, chigafa ndi msika

Tsopano mzere wovuta uja. Wolemba ntchito akamafunsa za experiência, chimene akufuna kudziwa n'chakuti munthuyu anasungapo chinthu cha wina osachiwononga, amadzuka nthawi yake, amadziwa kuwerengera, ndiponso kuti alipo wamkulu amene angamuikire umboni. Sitampa ya kampani ndi njira imodzi chabe yosonyezera zimenezi. Wotsiriza sukulu angasinthe mutu wa gawoli kukhala "Experiência e actividades", n'kulembamo zimene wachita, chilichonse ndi zaka zake, malo ake ndi muyeso wake.

Boma la Tsangano limadziwika ndi mbatata ya kachewere ndi tirigu. M'mabanja ambiri, mwana wa ku sekondale ndiye amasunga kope la munda: matumba a mbewu, feteleza amene wagulidwa, aganyu amene alipidwa, ndi mtengo umene ogula apereka. Mnyamata wotere akalemba kuti "ndinkathandiza makolo kumunda" sananene kanthu, chifukwa aliyense amathandiza makolo. Koma angalembe motere, mwachitsanzo: "2022–2024: Produção e venda de batata-reno na machamba familiar, Ntengo-Wambalame. Registo de despesas e vendas. Pagamento de trabalhadores eventuais. Venda de 40 sacos por campanha." Nambala ya matumba ikhale yeniyeni ya pa munda wawo, kaya ndi 12 kaya ndi 90. Wosunga nkhokwe ya kampani ya mbewu, kapena mwini sitolo ya zipangizo za ulimi amene akufuna wogulitsa, akawerenga mzere umenewu waona munthu amene anagwirapo kope ndi ndalama.

Ku Macanga nkhani ndi fodya. Alimi a ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo amalima pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco, imene fakitale yake ili mu mzinda wa Tete. Amene anakulira pa chigafa amadziwa kusamala nazale, kusoka masamba, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo, ndipo kusankha fodya ndi luso limene munthu wa mu mzinda sangaliphunzire pa sabata imodzi. Pa pepala limalembedwa kuti "classificação e enfardamento de tabaco". Koma apa pafunika kusamala. Makampani a fodya amaletsa ana osakwana zaka 18 kugwira ntchito zoopsa za mbewuyi, ndipo lamulo la ntchito la 2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, limaika zaka 18 ngati msinkhu wolembedwera ntchito, wa zaka 15 kufika 17 pokhapokha womulera atavomereza. Wolemba CV aikepo zimene wachita chikwanitsireni zaka 18. Zimenezo ndi zoona, n'zokwanira, ndipo sizibweretsa mafunso pa khomo la makolo ake.

Atsikana ndiwo amadzichepetsa kwambiri pa gawoli, pamene ntchito zawo zina n'zolembeka bwino kuposa za anyamata. Mtsikana amene wakhala mlembi wa gulu la poupança, limene ena amati banki m'khonde, wasunga kaundula wa ndalama za amayi makumi awiri kapena atatu, wawerengera chiwongoladzanja, ndipo pa tsiku logawana palibe amene anadandaula. Imeneyo ndi "Secretária do grupo de poupança", ndi zaka zake ndi chiwerengero cha mamembala. Amene anakhala pa banca ya achimwene ake n'kumatumiza ndi kutapitsa ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola wagwira ntchito ya caixa. Amene amaphunzitsa katekisimu, kapena kulemba kaundula wa kwaya, kapena kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga pa sukulu ya kwacha, waimapo pamaso pa anthu ndi choko m'manja.

Palinso ntchito zazifupi za Boma zimene achinyamata ambiri anagwira n'kuziiwala. Mu Meyi 2022 kunalengezedwa kuti poliyo wapezeka mwa mwana m'chigawo cha Tete, patangopita miyezi itatu matendawa atapezeka ku Lilongwe, ndipo katemera anayenda khomo ndi khomo maulendo angapo. M'magulu amene ankayendawo munali achinyamata olemba maina ndi omema anthu. Ena anakhala mu brigada ya STAE pa kalembera wa zisankho, ena anakhala pa tebulo la mavoti pa 9 Okutobala 2024. Ntchito ya masiku asanu ndi ntchito ndithu. Chofunika ndi declaração, kapepala kochokera kwa mkulu wa centro de saúde kapena ofesi imene inawatuma, konena kuti wakutiwakuti anagwira ntchito yakuti masiku akuti. Kapepalako n'kosavuta kupempha ntchito ikangotha. Pakapita zaka ziwiri mkulu uja amakhala atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sadziwa nkhope.

Zimene siziyenera kulembedwa ndi zimene munthu sangathe kuzionetsa. Mnyamata woyendetsa njinga yamoto ya kabaza wopanda carta de condução asalembe kuti ndi motorista. Amene anangokhudza kompyuta kawiri ku sukulu asalembe "informática na óptica do utilizador", mawu amene olemba pa msika amaika pa CV iliyonse, chifukwa pa tsiku la entrevista amamukhazika pa makina n'kumuuza kuti atsegule Excel. Ngati chimene amadziwa ndi kulemba mauthenga ndi kutumiza zithunzi za mapepala pa WhatsApp, anene chimenecho.

Malilime atatu

Gawo la línguas ambiri amalidutsa ndi mawu amodzi akuti "Português", ngati kuti chinenero cha mayi awo n'chochititsa manyazi. Uku n'kutaya chuma. Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete m'zaka za m'ma 1990, pa kuyesera kwa maphunziro a zinenero ziwiri, ndipo lero bungwe lililonse limene likufuna kulankhula ndi alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde limasowa munthu womva Chipwitikizi cha mu ofesi n'kuchimasulira pansi pa mtengo. Katswiri wa ulimi wochokera ku Maputo kapena ku Beira sangakambe ndi mfumu popanda munthu wotere. Wodziwa kulemba Chinyanja, osati kungolankhula, alembe "Cinyanja: falado e escrito". Amene anaphunzirako ku Malawi ali ndi Chingerezi, chimene chimafunika pa chipata cha m'malire, kwa oyendetsa katundu ndi ku makampani a ku Moatize. Koma muyeso wake ukhale woona: básico, razoável kapena fluente. Wofunsa akhoza kusintha chinenero pakati pa entrevista mosachenjeza.

Pomalizira pamakhala referências, anthu awiri amene angaikire munthu umboni. Mkulu wa sukulu kapena director de turma, wansembe kapena mbusa, mlangizi wa ulimi, namwino wa pa centro de saúde, onsewa ndi mboni zabwino. Malume ndi achimwene ayi, ngakhale atakhala ndi udindo, chifukwa aliyense amadziwa kuti wachibale sangaipitse wake. Munthu asanalembedwe ngati mboni ayenera kupemphedwa, mwaulemu ndiponso maso ndi maso, kuti foni ikadzalira asadzafunse kuti mwana ameneyo ndi uti.

Pepala lipite kuti?

Maso a achinyamata ambiri ali ku Moatize. Kuchokera mu 2011, pamene Vale inayamba kutulutsa malasha, mbiri yakhala yoti ntchito zili ku migodi, ndipo mbiriyo sinathe ngakhale mgodiwo unagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Koma mgodi wa masiku ano umakumbidwa ndi makina, ndipo umafuna owotcherera, a magetsi, amakanika ndi oyendetsa zimakina okhala ndi mapepala a luso. CV ya kalasi 12 yokha, ngakhale yolembedwa bwino chotani, imakapeza mulu wa anzake pa geti. Amene mtima wake uli kumeneko aganizire kaye za maphunziro a luso a IFPELAC kapena Instituto Médio de Geologia e Minas ya ku Moatize, n'kulembetsanso ku Instituto Nacional de Emprego, kumene kumadutsa ma estágio ophunzirira ntchito.

Makomo apafupi ndi ang'onoang'ono koma amatseguka: ntchito za nyengo pa misika ya fodya, masitolo a mbewu ndi feteleza, mabungwe a zaumoyo ndi ulimi ofuna activista, ndi kalembera wa anthu, amene wachitika mu 1997, 2007 ndi 2017, ndipo nthawi zonse amalemba achinyamata odziwa chinenero cha dera lawo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Miyezi inayi yolemba mabelo pa msika wa fodya imabala declaração yokhala ndi sitampa, ndipo CV ya chaka chamawa imakhala ndi mzere umene ya chaka chino ilibe. Amene akufuna uphunzitsi ali ndi Instituto de Formação de Professores ya ku Angónia, ndipo wofuna za ulimi ali ndi faculdade ya UniZambeze ku Ulónguè komweko. Kumeneko polowera ndi mayeso, osati CV.

Pamene pali ofuna ntchito ambiri, pamabweranso ogulitsa ntchito. Amaimba foni kapena kutumiza uthenga woti vaga yapezeka, dzina lili pa mndandanda, koma pakufunika ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya "refresco" ya chefe, itumizidwe lero lomwe pa nambala yakuti. Banja limagulitsa mbuzi, ndalama imapita, nambala ija imazima. Ntchito yeniyeni salipirira kuti munthu alembedwe, ndipo mpikisano wa Boma umamatidwa poyera pamodzi ndi mndandanda wa opambana. Kwa atsikana mtengo umene amauzidwa nthawi zina si wa ndalama. Wofunsa ntchito amakumana ndi wolemba ntchito mu ofesi, nthawi ya ntchito. Woitanira ku pensão madzulo kuti akaone CV sakufuna CV. Nkhani zoterezi zimakanenedwa ku polisi kapena ku Procuradoria ya boma, ndipo mauthenga a pa foni asafufutidwe, poti ndiwo umboni.

Chatsala ndi nambala ya foni ija ya pamwamba pa pepala, imene kuno ili ndi vuto lakelake. M'midzi ina ya m'mphepete netiweki imene imagwira bwino ndi ya Airtel kapena TNM, ndipo anthu anazolowera kuyenda ndi laini ya ku Malawi. Mlembi wa mu ofesi ya ku Tete saimba nambala ya kunja. Akaona +265 amadumphira dzina lotsatira. Pa CV pakhale nambala ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, yolembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo pansi pake nambala yachiwiri ya munthu wokhala pamene netiweki siduka, monga mphunzitsi kapena wa banca pa msika, amene wauzidwa kale kuti akalandira foni yochokera ku ofesi alembe tsiku, ola ndi malo, n'kutuma mwana pa njinga tsiku lomwelo.